Udzu umene amayi amalimira ku Ntchisi, ine ndikuuthirira ku Nkhotakota

Kuseri kwa khitchini yanga, kum'mawa kwa mtengo wa mango, kuli beseni long'aluka pakamwa limene ndinalikwirira pansi mpaka m'milomo. Alendo akaliona patali amayesa ndi nazale ya tomato. Akayandikira n'kupeza kuti muli kaudzu ka masamba ong'ambikang'ambika ndi timaluwa tachikasu tosaposa batani la malaya, amayamba andiyang'ana kaye kumaso. Kenako funso: "Kodi n'ndiwo zimenezi?" Ndikati ayi, amati, "Ndiye ndi mankhwala a chiyani?" Ndikati si mankhwala, kumakhala zii, wina n'kufunsa kuti usipa wadzuka pa mtengo wanji kunyanja lero.

Ine kwathu ndi ku Ntchisi. Kuno ndinabwera mu 2009 kudzaphunzitsa, ntchito n'kundipezetsa banja, banja n'kundizika mumchenga. Nsima ya kondowole ndinaizolowera, kudzutsidwa ndi kuitana kwa kumzikiti ndinakuzolowera, koma dzuwa la Okutobala mpaka lero timangoonana ngati anthu angongole. Amayi anga akadali kumudzi, ndipo ali ndi dimba kudambo kumene amalima anyezi, kabichi ndi kachewere. Pakati pa dimbalo pali chitsime chosaphwa, ndipo m'mbali mwa kangalande kotuluka pachitsimepo ndi mmene mumamera kaudzu aka. Tili ana tinkangoti kaudzu ka pachitsime. Tinkakaponda popita kotunga, mbuzi zinkakalambalala, ndipo amayi ankakalimira chaka ndi chaka akung'ung'udza kuti kamapanikiza anyezi.

Ndinakaona bwinobwino koyamba mu 2021, ndili mayi wa ana atatu kale. Tinapita kumudzi pa holide, ndipo m'mawa wina ndinatsikira kudimba ndi mwana wanga wamng'ono. Dzuwa linali litangotuluka pamwamba pa mitengo, timaluwa tija tili phuliphuli ngati wina watipaka mafuta ophikira usiku. Mwanayo anagwada, n'kukhudza kamodzi ndi chala, n'kuyang'ana chalacho. Chinali chouma. Anakhudzanso kachiwiri. Ndinajambula pafoni n'kutumizira mwana wa alongo anga amene panthawiyo ankaphunzira ku Bunda, ndipo madzulo yankho linabwera: "Azakhali, ameneyo ndi Ranunculus multifidus. Musatafune."

Dzinalo linandisangalatsa nditamva tanthauzo lake. M'Chilatini, ranunculus ndi kachule, chifukwa zomera za mtundu umenewu, zomwe zilipo mazanamazana padziko lapansi, zambiri zimakonda kukhala kumene kumakhala achule. Multifidus ndiye kuti chong'ambika pambirimbiri, kunena masamba aja, amene amafanana pang'ono ndi a karoti koma otambalala ndiponso aubweya. Angerezi amati buttercup, kakapu ka batala, ndipo ana a kwawoko amaika duwali kunsi kwa chibwano cha mnzawo kuti aone ngati khungu liwale chikasu, ati ndiye kuti amakonda batala. Ku South Africa olankhula Afrikaans amati botterblom. Kaudzu kameneka si kachilendo muno mu Africa ayi: kamapezeka m'malo onyowa kuyambira ku South Africa mpaka ku Ethiopia, kuwoloka nyanja kukafika ku Madagascar ndi ku Arabia. Anakapatsa dzina ndi Peter Forsskål, wophunzira wa katswiri wa zomera Carl Linnaeus, amene anapita ku Arabia pa ulendo wotumidwa ndi mfumu ya ku Denmark mu 1761. Sanabwerere kwawo. Malungo anamupha ku Yemen mu 1763 ali ndi zaka 31, ndipo zolemba zake anazisindikiza mu 1775 ndi Carsten Niebuhr, yekhayo amene anatsala wamoyo pa gulu lonselo. Nkhani ya malungoyi muisunge, ibweranso.

Za kuwala kuja, si mafuta. Pamwamba pa katsamba ka duwalo pali kachikopa kosalala kwambiri kokhala ndi utoto wachikasu, ndipo kunsi kwake kuli kampata kopyapyala ka mpweya. Kuwala kwa dzuwa kukafika pamenepo kumabwerera ngati pagalasi. Pansi pa zonsezo pali gawo loyera lodzadza ndi sitachi, yemwe uja amadikha pansi pa ndowa tikafinya chinangwa, ndipo gawoli limabweza kuwala kotsala. Mukapala katsambako ndi chikhadabo, chikasu chimachoka n'kutsala poyera. Ndinachita zimenezi pamaso pa ana a m'kalasi mwanga, ndipo tsiku limenelo ngakhale anyamata a kumbuyo aja anaimirira kudzaona. Timasamba ta duwa timakhala tisanu, pakati pali timitu ta mungu tambirimbiri, ndipo kunyezimirako n'kumene kumaitana tinjuchi ndi tintchentche.

Koma chenjezo la mwana uja linali loona, ndipo ndilinene msanga ndisanayambe za kadzalidwe. M'masamba ndi m'tsinde muli chinthu chotchedwa ranunculin, chimene tsamba likatikitika chimasanduka protoanemonin. Ameneyo amawotcha. Pakhungu amatulutsa matuza, m'kamwa amayambitsa zilonda, ndipo chiweto chikadya wambiri chimachucha dovu n'kutsekula m'mimba. N'chifukwa chake mbuzi, zimene zimadya ngakhale sopo ndi makope a ana, zimakadutsa ngati sizikukaona. Udzuwo ukauma mphamvuyo imatha, motero alimi a ku Ulaya sadandaula ukasakanikira mu udzu wouma wa ng'ombe. Ndinamva kuti asing'anga ena a ku South Africa amakagwiritsa ntchito, koma pakhomo panga palibe amene amaloledwa kukaika pakamwa. Ine ndemwe ndinaonapo zakuda tsiku lina nditakagwiragwira ndi manja n'kupukuta thukuta pachikope. Ndinalowa m'kalasi masiku awiri diso lili psuu, ana akunong'onezana kuti amadamu amenyedwa. Pano ndimavala majumbo m'manja, ndipo mwana aliyense wothyola chisoso kuseri kuno amadziwa kuti pabeseni safikapo.

Holide ya 2021 ija itatha, ndinazula tsinde limodzi, n'kulikulunga m'jumbo, n'kukwera nalo galimoto yodzera ku Malomo. Unali mwezi wa Sepitembala. Ndinalidzala kutsogolo kwa nyumba, pamzere wa maluwa ena, pamchenga, padzuwa, kuti odutsa azisirira. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo ngati mmene ndimathiririra china chilichonse. Madzi ankangolowa mumchenga ngati ukuthira m'dengu. Pofika pakati pa Okutobala panatsala tizingwe touma. Chondichititsa manyazi n'chakuti nkhani yake ndimaiphunzitsa ndekha: nyanja yathuyi ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, pamene kwathu n'kopitirira mamita 1,000, ndipo munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndinatenga mwana wa kozizira, wozolowera kuponda m'matope, n'kumukhazika pamchenga wotentha woti ngakhale nkhuku zimadumphadumpha.

Chaka chotsatira ndinati ndachenjera. Si kamafuna madzi? Ndinatenga ndowa yachitsulo yopanda chibowo, n'kuthiramo dothi mpaka pakati, n'kudzalamo tsinde latsopano, n'kudzaza madzi mpaka dothi kumira. Masabata oyamba kanaoneka kosangalala, moti ndinayamba kuyenda modzitukumula. Koma ndowa yachitsulo padzuwa la kuno ndi ketulo. Pofika masana madzi aja ankafunda ngati osamba wodwala, ndipo masamba anayamba chikasu kuchokera pansi. Tsiku lina bambo a kunyumba anaima pandowapo nthawi yaitali, manja kumbuyo, kenako anandiitana.

"Mayi, tabwerani. Kodi mwayamba kuweta udzudzu?"

Ndinasuzumira. M'madzi muja munali tizinthu tikuvinavina, mphutsi za udzudzu zosawerengeka. Kuno kotentha, dzira la udzudzu silitenga masabata awiri kuti lisanduke udzudzu wouluka, ndipo ku Nkhotakota palibe amene amafunika kuuzidwa za malungo. Ndinakumbukira mzungu uja wa ku Yemen, n'kukhuthula ndowayo ndekha. Mizu inali itayamba kale kununkha.

Pamenepo m'pamene ndinakhala pansi n'kuganiza za dimba la amayi mmene lililidi, osati mmene ndinkalikumbukirira. Kaudzu kaja sikamera m'chitsime. Kamamera m'mbali mwa ngalande, pamene ukaponda phazi limasiya chidindo chonyowa koma madzi saoneka pamwamba. Mizu ndi imene ili m'madzi, khosi lili panja. Dothi lake ndi lakuda, lomata, lozizira, ndipo chakumadzulo kuli nthochi zimene zimatchinga dzuwa likapendeka. Ndinafunika kupanga kadambo kakang'ono, kokhala ndi madzi obisika.

Beseni lija linali lochapira zovala, lapulasitiki, lakuya ngati kuchokera pachigongono kufika pankhonya. Ndinawotcha msomali pambaula n'kuboola mabowo asanu ndi atatu, osati pansi ayi, koma m'mbali, zala zinayi kuchokera pakamwa. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Madzi amadikha pansi pa beseni pamene pali mizu, koma akafika pamabowo amatuluka, motero pamwamba sipakhala chithaphwi choti udzudzu uikire mazira. Ndinakumba dzenje n'kulikwirira lonse, chifukwa nthaka yozungulira imalisunga lozizira, kusiyana ndi chiwiya choima pamtunda chimene dzuwa limachimenya m'nthiti. Malo ndinasankha kum'mawa kwa mango, kumene dzuwa limafika kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 10 koloko, kenako mthunzi tsiku lonse. Mumthunzi wokhawokha sikachita maluwa ambiri, kamangotalika n'kumagwa. Padzuwa lokhalokha la kuno kamapsa. Kwathu ku Ntchisi kamakhala pambalambanda osadandaula, choncho amene muli kumtunda musavutike ndi za mango.

Dothi ndinakapempha kwa mlamu wanga amene amalima mpunga: ndowa ziwiri za makande a m'munda mwake. Ndinasakaniza ndi ndowa imodzi ya manyowa a mbuzi owolerana bwino ndi ina ya mankhusu a mpunga amene anagonera mvula chaka chathunthu, kuti makandewo asaume gwa n'kung'aluka. Feteleza sindinathiremo ndipo sindinathirepo mpaka lero. Mlamu wangayo atafunsa chimene ndikufuna kudzala, ndinangoti maluwa. Sindinafune zambiri.

Ndiye nthawi. Ulendo wachitatuwu ndinadikira mpaka Meyi 2023, mwera utayamba kuwomba, asodzi akudandaula kuti nyanja yakalipa. Miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi ndi yokhayo imene Nkhotakota amayerekezako kuzizira kwa kumtunda, ndipo chomera chimapeza mpata wogwira nthaka chilimwe chisanafike. Tsinde ndinalikumba ndi dothi lake lomwe, osakutumula, n'kulikulunga m'chiguduli chonyowa. Masamba akuluakulu ndinawadula n'kusiya timasamba tating'ono ta pakati, monga timachitira powokera kabichi. Podzala ndinaonetsetsa kuti khosi, pamene masamba amakumana ndi mizu, likhale pa mulingo wa dothi, osakwiririka. Pamwamba ndinayala udzu wouma. Patatha masabata asanu ndi limodzi kanatulutsa kamtengo kanthambinthambi kofika m'bondo, ndipo m'mawa wina wa Julayi ndinapeza timaluwa titatu tili phuliphuli, ndendende ngati kudimba kuja. Ndinaitana nyumba yonse. Anabwera ndi wamng'ono yekha.

Kathiriridwe kake kamatsata nyengo. M'miyezi yozizira chigubu cha malita 5 chimakwana masiku awiri kapena atatu. Kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka mvula itagwa, chigubu chimodzi madzulo aliwonse, osaphonya. Sindipita kumjigo chifukwa cha kaudzu ayi, anthu angandiseke mpaka ku Dwangwa. Ndimasunga madzi otsukira mpunga ndi masamba, amene kale tinkangomwaza pabwalo. A sopo sindithirako. Muyeso wanga ndi chala: ndikachilowetsa m'dothi chizituluka chonyowa, koma pamwamba pasadikhe madzi.

Okutobala akafika musayembekezere kukongola. Kamasiya maluwa, masamba a kunja amapsa m'mphepete, kamafota n'kukhala ngati katha. Chaka choyamba ndinatsala pang'ono kulira. Koma ichi n'chomera chokhalitsa, moyo wake uli m'tsinde ndi m'mizu yake yonga zingwe. Ndimadula zouma zonse, ndimawonjezera udzu pamwamba, n'kumathirirabe. Mvula ikangoyamba kamaphukira ngati nzimbe za ku Dwangwa zikadulidwa. Za mvula yambiri ndiye musade nazo nkhawa. Kumapeto kwa Febuluwale 2024, mvula ija imene inasefukiritsa mitsinje n'kusamutsa anthu ambiri ku Dwangwa, kuseri kwanga konse kunali thamanda masiku atatu. Maluwa anga ena onse anawola. Madzi ataphwa, kaudzu kaja kanali biriwiri ngati kakuchokera kuukwati.

Adani ake kuno ndi ochepa. Nkhuku zimabwera kudzapalasa udzu wonyowa uja kufuna nyongolotsi, ndiye ndinazunguliza chidutswa cha ukonde wakale pa timitengo tinayi. Nkhono zimadya timasamba tanthete m'dzinja, ndimazitola m'mamawa. Nsabwe za m'masamba zikagwira timitengo ta maluwa ndimangozitsuka ndi madzi. Kenako kunabwera mwini dzina: chule wamkulu anakhazikika pansi pa udzu, ndipo usiku amalira ngati walipidwa. Bambo a kunyumba amati kumene kuli chule njoka siichedwa, ndipo sakunama, koma walira mvula walira matope. Ndinangolambula mozungulira kuti pazioneka poyera.

Tsopano za amayi. Mu Juni 2024 anabwera kudzationa, ulendo wawo woyamba patapita zaka zinayi, chifukwa amati kunyanja kumawatentha mutu. Amayi anga sadziwa kukhala. Kumzikiti kusanaitane n'komwe amakhala atasesa kale bwalo lonse. Tsiku lachiwiri ndinawasiya akusenda chinangwa, ine n'kupita kusukulu. Pobwera masana ndinawapeza pakhonde, nkhope ili mwee, ngati munthu amene wagwira ntchito yotamandika.

"Mwana wanga, ndakulimira udzu unali pabeseni paja. Dothi labwino ngati limene lija n'kumasungirapo zitsamba? Ndafesapo mpiru."

Ndinathamangira kuseri. Pabeseni panali see, dothi lotipulidwa bwino, timizere ta mpiru towongoka ngati tojambula ndi rula. Ukonde unali wopindidwa mwaulemu pambali. Chule anali atasamuka. Bambo a kunyumba, amene pamaso pa apongozi awo sakweza mawu ngakhale pang'ono, anali atalowa m'bafa, ndipo ndinkamva kuti akuseka atatseka pakamwa ndi thaulo.

Munthu ungawakalipire bwanji amayi ako chifukwa chopalira? Kwa zaka zoposa makumi anayi akhala akulimbana ndi kaudzu kameneka, ndipo anakazindikira msanga ngati mdani wakale amene wawatsatira mpaka kunyanja. Ndinangoti, "Zikomo amayi, mwagwira ntchito," n'kupita kudzala. Kumeneko ndinapeza tsinde langa pansi pa makoko a chinangwa, litafota, khasu litalidula patatu. Chidutswa chilichonse chinali ndi mizu yake ndi kamaso kobiriwira pakati. Ndinaziviika m'madzi mpaka madzulo, ndipo amayi atagona ndinakazidzala mobisa pakati pa mpiru wawo, tochi ya foni ili kukamwa.

Zonse zitatu zinagwira. Ndipo si zokhazo, patapita masabata atatu panaphukanso tina tiwiri kuchokera ku tizidutswa ta tsinde timene khasu linasiya m'dothi. Mmene ndinali ndi chomera chimodzi, tsopano ndinali ndi zisanu. Umu ndi mmene ndinaphunzirira kuti njira yachidule yochulukitsira kaudzu aka ndi kugawa tsinde, monga timagawira vetiva: kukumba lonse m'nyengo yozizira, kuling'amba ndi mpeni kuti gawo lililonse likhale ndi mizu ndi diso, n'kudzala tsiku lomwelo, motalikirana ngati chikhatho chotambasula. Ndinazindikiranso chifukwa chake amayi sanakagonjetsepo kudimba kuja. Chaka chilichonse akamakatema ndi khasu, amakhala akukawokera.

Ndinawaululira tsiku loti mawa anyamuka. Ndinawatengera kuseri, n'kuwaonetsa, n'kuwauza za kachule, za galasi la m'duwa, za ndowa ya udzudzu, zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pachibwano.

"Ndiye kuti unakwera nako galimoto? N'kulipira?"

"Katatu, amayi."

Anapukusa mutu. "Sukulu imeneyi." Sananenenso china, koma mpiru uja anauzula okha n'kukauwokera pafupi ndi thandala la mbale.

Za njere ndachita kuphunzira chaka chino. Timasamba ta duwa tikayoyoka pamatsala kamutu kobiriwira konga bulosi losapsa, kopangidwa ndi tinjere tambiri tophwatalala, kalikonse ndi kamlomo kake. Kamutuko kakayamba kufiirira, tinjere timachoka tokha ukafikisa ndi zala. Zoyamba ndinazisunga mu envelopu n'kudzafesa mu Novembala wa chaka chatha pamodzi ndi mbewu zina, osamera ndi imodzi yomwe. Zachiwiri ndinafesa mu Julayi, tsiku lomwe ndinakolola, pa dothi lonyowa m'chigubu chodula pakati. Sindinakwirire, ndinangozipsinja ndi chikhatho n'kuwaza dothi lochepa ngati mchere wa m'ndiwo, n'kuika pamthunzi. Sabata yoyamba zii, yachiwiri zii. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine nkhono ndinaziona zenizeni, zikuzungulira chigubucho. Sabata yachinayi m'pamene tinatuluka timbande khumi ndi tiwiri. Masamba awiri oyamba amakhala osang'ambika, moti mukhoza kuwazula poyesa ndi udzu wina. Achitatu ndi amene amaonetsa mtundu. Ndimawokera tikafika masamba anayi kapena asanu.

Amene muli ndi madimba onyowa chaka chonse, kapena muli pafupi ndi ngalande za mpunga, muganize kawiri. Chimene ine ndikuchilera m'beseni, kwa inu chikhoza kusanduka ntchito ya khasu, chifukwa pamalo pamene kakondwa kamadzifesa kokha. Dulani timitu tija tisanakhwime. Ndipo mbewu musakakumbe m'nkhalango yotetezedwa ya Ntchisi kapena ya Nkhotakota, kumeneko n'kuphwanya lamulo popanda chifukwa. Pemphani kwa mwini dimba aliyense wa kumtunda, adzakupatsani ndi manja awiri, mwinanso n'kukubwerekani khasu.

Mnzanga wina wa kusukulu nditamuuza dzina lake anafufuza pa intaneti, n'kubwera ndi zithunzi za maluwa akuluakulu opiringizana ngati kabichi, ofiira, oyera, apinki, amene akwati a kunja amanyamula. Anati, "Bwanji osadzala awa, anthu n'kumagula pa maukwati?" Amenewo ndi Ranunculus asiaticus, msuweni wake wochokera kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean. Amadzalidwa ndi timizu touma tonga kaphava ka nthochi, timene amativiika m'madzi asanadzale, ndipo safuna kutentha ngakhalenso dothi lodikha madzi. M'beseni langa angawole sabata imodzi. Kunena zoona sindiwasirira. Ndi okongola, koma alibe galasi lija, ndipo ndikawayang'ana sindimva fungo la matope a kudimba.

Sabata yatha kondakitala wina anandiimbira kuti ndikalandire katundu pa siteji. Linali thumba la kachewere lochokera kwa amayi, losokedwa ndi luzi monga mwa masiku onse. Nditakhuthula pakhonde, pansi penipeni panatuluka kamtolo ka masamba a nthochi komanga bwinobwino. M'kati munali matsinde anayi a kaudzu ka pachitsime, ndi dothi lake lakuda, masamba akuluakulu atadulidwa kale, timaso ta pakati tili tamoyo. Madzulo nditawaimbira anangoti, "Udzu wakowo ndimati nditaye, ndiye ndinati thumba lisapite ndi mpata." Kenako anafunsa ngati usipa watsika mtengo.

Vuto n'lakuti beseni lija ladzadza, timbande khumi ndi tiwiri tikudikira, ndipo Okutobala ali pakhomo. Matsinde a amayi ndawaika kaye m'poto wobooka pansi pa thandala. Amene muli pafupi ndi boma ndipo muli ndi beseni long'aluka limene mukuti mutaye, musataye, ndiuzeni ndidzatuma mwana kudzatenga.